Dzina la pachikwangwani ndi la banja, koma adzanyamula thupi la bambo ndani?

Funso: Bambo athu adwalika kwambiri, ndipo madokotala atiuza kuti tikonzekere. Ine ndi achimwene anga tasemphana maganizo pa za kampani yodzatithandiza zovuta zikadzagwa. Iwo akufuna kampani ina ya banja, yomwe pachikwangwani inalemba kuti yakhala ikugwira ntchito kuyambira nthawi ya agogo awo. Ine ndikuona ngati kampani yaikulu ya nthambi zambiri ndiye yodalirika. Kodi mbiri ya banja imeneyi ili ndi phindu lenileni, kapena ndi mawu okopera anthu chabe? Nanga anthu amenewa amagwira ntchito zanji kwenikweni? Ndikuchitanso manyazi kufunsa zimenezi bambo akadali moyo.

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi matendawo. Za manyazizo, musadziimbe mlandu, kufunsa lero si kuwafunira bambo imfa. Pa zaka zomwe ndakhala pa ntchito imeneyi, mabanja amene ndawaona akuvutika koposa ndi aja amafika pakati pa usiku maso ali psuu, osadziwa choti afunse, n'kungovomera chilichonse chomwe auzidwa. Munthu akangoferedwa kumene mutu sugwira. Inu mukufunsa mutu ukadali m'malo, ndipo mwachita bwino.

Achimwene anuwo sakulakwa. Mbiri ya banja ili ndi phindu, lalikulu ndithu. Koma phindulo silikhala pa chaka cholembedwa pachikwangwani. Limakhala mwa anthu amene adzabwere kudzanyamula thupi, m'chipinda chomwe adzaligonekamo, m'buku lomwe adzalembamo dzina la bambo, ndi m'mene adzakuuzireni mtengo. Zonsezi mutha kuziona ndi maso anu tsikulo lisanafike.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchitoyi imayenda m'mabanja, tione kumene inachokera. M'mayiko ambiri, oyamba kulandira ndalama pa ntchito ya maliro anali amisiri a matabwa. Munthu wokhoma matebulo ndi makabati ndiye ankapemphedwa kukhoma bokosi. Atakhoma, ankapemphedwanso kulipereka kunyumba ya maliro, kenaka kubwereketsa ngolo ndi akavalo, kenaka kupeza anthu onyamula. Pang'ono ndi pang'ono mipando inasiyidwa, maliro n'kukhala ntchito yeniyeni. Kampani ya Kirk & Nice ya ku Philadelphia, yomwe imatchulidwa kuti ndi yakale koposa ku America, inayamba motero mu 1761, ndi mmisiri wa makabati dzina lake Jacob Knorr. Popeza imfa siidikira kuti kuche, mwini ntchito ankagona pomwepo ndi banja lake, nthawi zambiri m'chipinda cha pamwamba pa shopu. Ana ankakula akuyankha odzagogoda usiku, akutsuka ngolo, akuona momwe bambo awo amalankhulira ndi mayi wamasiye. Anthu akunja ambiri ntchitoyi ankaiopa, choncho woilandira ankakhala mwana wa m'nyumba momwemo.

Luso lobaya thupi mankhwala kuti lisawonongeke msanga linafala pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, pamene mabanja ankafuna kuti asilikali ofera kutali akaikidwe kwawo. Mu 1865 thupi la Abraham Lincoln, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la America, linayenda pa sitima ya pamtunda pafupifupi masabata awiri kuchokera ku Washington kupita ku Springfield, likuonetsedwa m'mizinda ya m'njira, ndipo anthu miyandamiyanda anaona okha zomwe mankhwalawo amachita. Kuyambira pamenepo wokhoma bokosi uja anafunika kuphunziranso za mitsempha ndi mankhwala, ndipo pofika 1882 ogwira ntchitoyi ku America anali atakhazikitsa bungwe lawo, National Funeral Directors Association.

Nanga banja lomwe lakhala pa ntchitoyi mibadwo itatu limakhala ndi chiyani chomwe ena alibe? Choyamba ndi luso lomwe silingalembedwe m'buku. Kunyamula thupi la munthu wamkulu kulitsitsa pa masitepe opapatiza, ana ake akuyang'ana, popanda kuligunditsa kapena kulikoka, n'chinthu chomwe munthu amaphunzira poyenda ndi wina amene wachichita zaka zambiri. N'chimodzimodzi kudziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yongokhala chete, kapena kuzindikira kuti m'banjamo muli mkangano wakale ndipo anthu awiri ena asakwezedwe galimoto imodzi. Chachiwiri ndi mabuku. Kampani yakale yosamala imasunga kaundula wa maliro onse amene inagwira: tsiku, malo enieni a manda, amene anasaina. Ndaonapo mdzukulu akupeza manda a agogo ake omwe chizindikiro chinafufutika kale, chifukwa cha buku lotere.

Chachitatu, chomwe ine ndimachiwerengera kuposa zonse, n'chakuti mwini wake amakhala pomwepo ndipo dzina lomwe lingaipe ndi lake. Iye adzakumana nanu panjira chaka chamawa. Mukamuuza kuti ndalama sizikukwana, atha kudula mtengo kapena kukulolani kulipira pang'onopang'ono popanda kuimbira foni bwana wa kulikulu. Mukapempha chinthu chachilendo, monga kuti galimoto idzere kumalo kumene bambo ankagwira ntchito, amangoyankha pomwepo kuti zitheka kapena ayi. Wolembedwa ntchito pa nthambi ya kampani yaikulu akhoza kukhala wachifundo chimodzimodzi, koma manja ake amakhala omangika ndi malamulo a kampani, ndipo pena amapatsidwa mlingo wa ndalama zoti apeze pa mwezi.

Tsono apa ndi pomwe muyenera kutsegula maso. Dzina la banja limagulitsidwa. Mu 1962 Robert Waltrip, yemwe naye anakulira m'kampani ya maliro ya banja lake ku Houston, anayambitsa Service Corporation International. Njira yake inali yogula makampani a mabanja m'dera limodzi, kuwasiyira mayina awo akale pakhomo, koma kuseri n'kuphatikiza magalimoto, antchito ndi malo okonzera matupi. Lero kampaniyi ili ndi malo othandiza pa maliro oposa 1,400 ku America ndi ku Canada. Ina yomwe inkachita zofanana, Loewen Group ya ku Canada, inagula mabanja ambirimbiri ndi ngongole mpaka inagwa mu 1999. Ku Britain nako makampani akuluakulu anagula mayina a mabanja motero, moti mu 2021 bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linalamula kuti kampani iliyonse ya maliro izionetsa poyera mwini wake weniweni, pamodzi ndi mndandanda wa mitengo wolembedwa mofanana kulikonse. Lamulo lomwelo linaletsanso kupereka kangachepe ku zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba kuti zizilozera oferedwa ku kampani inayake.

Choncho funso loyamba kwa kampani ya achimwene anuyo ndi losavuta: mwini wake ndani lero, ndipo alipo wa m'banjamo amene amagwira ntchito pano tsiku ndi tsiku? Ngati alipo, pemphani kuonana naye. Akakuuzani kuti banjalo linagulitsa kale, sikuti kampaniyo ndi yoipa, koma mudziwe kuti mukusankha pakati pa makampani aakulu awiri, ndipo mkangano wanu ndi achimwene watha pomwepo.

Ngakhale banjalo likhale lenileni, magazi okha satsimikizira chilichonse. Mu February 2002, ku Noble m'chigawo cha Georgia ku America, kunapezeka matupi oposa 300 atatayidwa m'nkhalango ndi m'mashedi pa malo owotchera mitembo a Tri-State Crematory. Inali bizinesi ya banja, mwana atalandira kwa bambo ake. Mabanja ena anapatsidwa fumbi la simenti ngati phulusa la abale awo. Zinatenga zaka zisanadziwike chifukwa aliyense ankakhulupirira dzina, ndipo panalibe wopita kukasuzumira kuseri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Agogo akhoza kukhala kuti anali munthu wolungama, mdzukulu n'kukhala wotopa nayo ntchito, kapena womira m'ngongole, furiji itawonongeka osakonzetsa.

Nanunso, mayi, maganizo anu ali ndi pogwira. Kampani yaikulu kawirikawiri imakhala ndi magalimoto okwanira, antchito osinthana usiku, ndi ofesi yokadandaulako zinthu zikalakwika. Maliro akachuluka sabata imodzi, kampani yaing'ono ya galimoto imodzi imapanikizika. Ngati pali zonyamula thupi mtunda wautali kapena kudutsa malire, nthambi zambiri zimathandiza. Kungoti kukula sikutanthauza kutsika mtengo. Kafukufuku wa bungwe la ku Britain lija anapeza kuti makampani akuluakulu nthawi zambiri ankalipiritsa kuposa ang'onoang'ono oima paokha.

Tibwere ku ntchito zenizeni, chifukwa m'menemo ndi momwe mudzasiyanitsire wabwino ndi wongolankhula bwino.

Ntchito imayamba ndi kudzatenga thupi, kunyumba kapena kuchipatala, dokotala kapena woyenera mwalamulo atatsimikiza imfa. Ngati imfa yachitika mwadzidzidzi kapena mokayikitsa, apolisi ndi opima matupi amayamba ndiwo, ndipo kampani imadikira. Chinthu choyamba chomwe wodziwa ntchito amachita, thupi lisanachoke pomwe lili, ndi kulimanga kalamba kolembedwa dzina pamkono kapena pamwendo. Kalamba kameneka sikachoka mpaka bokosi litatsekedwa. Dzina lomwelo limalowa m'buku pofika, limalembedwa pa chitseko cha furiji, ndipo mphete, wotchi kapena chilichonse chomwe malemu anavala chimalembedwa wachibale n'kusainira. Nkhani zomvetsa chisoni zomwe mumamva zakuti banja laika munthu wolakwika zimayambira apa, pa kalamba kosamangidwa. Afunseni akuonetseni momwe amachitira. Amene amachitadi sachedwa kuyankha.

Kenaka ndi kuzizira. Thupi limasungidwa pa madigiri 2 mpaka 4. Kuzizira kotere kumachedwetsa kuwonongeka kwa masiku angapo kufikira masabata ochepa, koma sikumakuimitsa. Funsani ngati furijiyo ili pamalo pomwepo kapena thupi limapititsidwa kwina, ndipo ngati ndi kwina, kuti. Funsaninso zomwe zimachitika magetsi akazima. Ine ndimalimbikitsa mabanja kupempha kuona chipindacho. Sangakulowetseni pomwe pali matupi a anthu ena osaphimba, ndipo ndi bwino kuti asatero, koma kampani yaukhondo imapeza nthawi yokuonetsani. Mphuno yanu idzakuuzani zambiri.

Kusambitsa ndi kuveka ndi ntchito yomwe anthu saiona koma ndi pomwe ulemu umaonekera. Maola ochepa munthu akamwalira thupi limauma, ndipo limadzafewanso pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Wodziwa ntchito amawongola manja ndi miyendo mofatsa, amatseka maso ndi pakamwa, amapesa tsitsi momwe mwini wake ankapesera. N'chifukwa chake amapempha chithunzi. Ngati achibale kapena a chipembedzo chanu akufuna kusambitsa okha, kampani yabwino imawapatsa chipinda, madzi ndi magolovesi, n'kuima pambali.

Pa za kubaya mankhwala ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amalipira osadziwa chomwe alipirira. Wobaya amatsegula mtsempha waukulu, kawirikawiri wa m'khosi, n'kupopera mankhwala m'thupi ndi makina, magazi akutuluka kudzera mu mtsempha wina woyandikana nawo. Akatero amachotsa madzi ndi mpweya m'mimba ndi m'chifuwa pogwiritsa ntchito chitsulo chachitali chobowoka, n'kuikamo mankhwala amphamvu. Kale ankagwiritsa ntchito poizoni wotchedwa arsenic, lero mankhwala ambiri ali ndi formaldehyde, yemwe amalimbitsa minofu kuti tizilombo tisaiwononge msanga. Zikachitika bwino, nkhope imabwerera mwakale, kutupa kumachepa, ndipo banja limatsanzikana ndi munthu amene likumuzindikira. Kwa banja lomwe lakhala likuona bambo awo akuzunzika ndi matenda miyezi yambiri, kuwaona nkhope ili phee n'chitonthozo chachikulu, ndipo sindichipeputsa.

Koma si maliro onse ofunika zimenezi. Ngati mudzaika pasanathe masiku awiri kapena atatu ndipo furiji ilipo, kusambitsa ndi kuziziritsa n'kokwanira. Kubaya kumafunika pamene mukudikira abale ochokera kutali, pamene thupi liyenda ulendo wautali kotentha, kapena pamene lidzakhale kunja kwa furiji nthawi yaitali anthu akuona nkhope. Asilamu ndi Ayuda ambiri sabaya konse, amaika msanga, ndipo palibe choopsa chimachitika. Wina akakuuzani kuti thupi losabaya limafalitsa matenda, dziwani kuti bungwe la World Health Organization limanena kuti matupi ambiri sabweretsa miliri. Matenda ochepa monga Ebola ndi kolera ndiwo amafuna chisamaliro chapadera, ndipo pa Ebola kubaya ndi kusambitsa komwe kumaletsedwa. Amene ali pa chiopsezo chenicheni ndi wobayayo, chifukwa mu 2004 bungwe lofufuza za khansa la International Agency for Research on Cancer linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kampani yomwe imasamala antchito ake, yokhala ndi zotulutsa mpweya m'chipinda ndi zovala zodzitetezera, kawirikawiri ndi yomwenso imasamala matupi.

Musalole kuti abaye musanavomere. Funsani kuti wobaya ndani ndipo anaphunzira kuti. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kubaya kudzera m'mitsempha ndi kungolasa jakisoni apa ndi apo m'mimba, ngakhale pa lisiti zonse zimalembedwa ndi dzina limodzi.

Za bokosi sindichulutsa. Ndi pomwe makampani ambiri amapezera phindu, ndipo pali chizolowezi choonetsa okwera mtengo poyamba, otsika n'kuwabisa kumbuyo kapena kungowasiya m'kabuku. Pemphani kuona onse. Palibe bokosi, kaya lachitsulo kaya lokhala ndi mphira m'mbali, lomwe limaletsa thupi kubwerera kudothi. Chofunika n'chakuti likhale lolimba pansi, zogwirira zikhale zonyamuliradi osati zokongoletsa chabe, ndipo muyeso wake ugwirizane ndi thupi komanso manda. Chikondi chanu pa bambo sichiyezedwa ndi mtengo wa bokosi, ndipo wogulitsa aliyense wokupangitsani kumva choncho mumutalikire.

Pali ntchito ina yosaoneka koma yotopetsa, ya mapepala: chikalata cha dokotala chonena chomwe chapha munthu, kulembetsa imfa ku boma, chilolezo choika kapena kuwotcha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo zina amasaina ndi wachibale yekha, koma kampani yozolowera imadziwa khomo lililonse ndi nthawi yomwe limatsegulidwa. Chikalata cha imfa mudzatenge makope angapo ovomerezeka, chifukwa a banki, a penshoni, a inshulansi ndi oona za chuma cha masiye aliyense adzafuna lake. Muonetsetse kuti dzina la bambo lalembedwa ndendende momwe lilili pa chiphaso chawo. Chilembo chimodzi cholakwika chimatha kuimitsa ndalama za mayi wamasiye miyezi yambiri.

Ngati thupi lidutsa malire a dziko, mapepala amachuluka. Pangano la ku Berlin la 1937 ndi lomwe linayala maziko omwe mayiko ambiri ndi makampani a ndege amatsatabe: chikalata chapadera choyendera thupi, ndi bokosi lokhala ndi chitsulo m'kati, kawirikawiri zinki, lomatidwa kuti mpweya kapena madzi zisatuluke. Pamafunikanso chikalata chotsimikiza kuti thupi labayidwa, ndi chilolezo cha ofesi ya kazembe wa dziko lomwe likupita. Apa musachite manyazi kufunsa kuti anayamba atumizapo thupi kunja, chifukwa pepala limodzi likasowa bokosi limatsala pabwalo la ndege.

Ngati banja lingasankhe kuwotcha, njira yomwe ku Britain inayamba ku Woking mu 1885 ndipo Mpingo wa Katolika unailola mu 1963, dziwani kuti makampani ambiri a maliro alibe ng'anjo yawoyawo, amapereka kwa ena. Funsani kuti ndi kwa yani, ndipo amazindikira bwanji kuti phulusa lomwe labwera ndi la munthu wanu. Malo ambiri amaika kachitsulo ka nambala komwe kamalowa m'ng'anjo limodzi ndi thupi n'kutuluka ndi phulusa. Ngati bambo ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, nenani, chifukwa batire yake imaphulika pamoto ndipo kayenera kuchotsedwa. Phulusa la munthu wamkulu limalemera pafupifupi makilogalamu 2 kapena 3.

Tsiku la mwambo, kampani imabweretsa galimoto, imagwirizana nthawi ndi a kumanda ndi atsogoleri a mapemphero, imaonetsetsa kuti manda akumbidwa muyeso woyenera ndiponso kuti zotsitsira bokosi zilipo. Woyendetsa mwambo waluso simumuona n'komwe. Mumangoona kuti zinthu zikuyenda, nkhata zili pamalo pake, wokalamba wapezeredwa mpando. Funsani ngati munthu amene mukukambirana naye muofesi ndi yemwe adzakhalepo tsikulo. M'makampani a mabanja nthawi zambiri amakhala yemweyo, ndipo zimenezi zimachepetsa zolakwika, chifukwa zomwe munanena sizidutsa m'makutu a anthu anayi.

Tsopano ndalama. Ku America, kuyambira 1984 pali lamulo lotchedwa Funeral Rule, la bungwe la boma loona za malonda la Federal Trade Commission. Limakakamiza kampani kupereka mndandanda wa mitengo wolembedwa, chinthu chilichonse pachokha, ndi kunena mitengo pa foni munthu akafunsa. Limaletsa kunama kuti boma limafuna thupi libayidwe pamene silifuna, ndipo limalola banja kugula zokhazo zomwe likufuna, ngakhale kubwera ndi bokosi logula kwina popanda kulipiritsidwa chindapusa. Lamuloli limagwira ku America kokha, koma zomwe limanena ndi muyeso wabwino kulikonse. Pemphani pepala lolembedwa, losiyanitsa malipiro a kampaniyo ndi ndalama zomwe imangokulipirirani kwa ena, monga a kumanda ndi a zikalata. Funsani mtengo wosungira thupi pa tsiku, ndi wa galimoto pa kilomita ikapitirira mtunda womwe anaika. Ziwirizi ndi zomwe zimatupitsa bilu mwakachetechete. Mitengo ya phukusi, ija amati zonse pamodzi, nthawi zina imapulumutsa ndalama, koma muiphwasule muone ngati mulibe zinthu zomwe simukuzifuna.

Pamfundo imeneyi makampani ena a mabanja ndi omwe amafooka. Amakonda kunena kuti tidzakambirana pambuyo, ndife anthu amodzi. Mawuwo amachokera pa mtima wabwino nthawi zambiri, koma ndaona ubale wa zaka zambiri ukutha chifukwa cha bilu yomwe inabwera maliro atapita. Mwini kampani wanzeru sakhumudwa mukapempha kuti alembe.

Mwina adzakuuzani za kulipiriratu. Chenjerani ndi komwe ndalamazo zikasungidwe. Ku Britain kampani ya Safe Hands Plans inagwa mu 2022, anthu pafupifupi 46,000 omwe analipiriratu maliro awo n'kutsala manja ali m'khosi, ndipo kuyambira pa 29 July chaka chomwecho malonda amenewa anayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe loyang'anira makampani a zandalama la Financial Conduct Authority. Ndalama zolipiriratu ziyenera kukhala m'thumba lapadera kapena ku kampani ya inshulansi yovomerezeka, osati mu akaunti yomwe kampani imagulira mafuta a galimoto. Ndipo poti bambo adwala kale, inshulansi yatsopano ya maliro mwina singathandize, chifukwa zambiri zimakhala ndi miyezi yodikira munthu asanayambe kutetezedwa. Chomwe mungachite lero ndi kufufuza ngati ali nayo kale, kuntchito kwawo kwakale, ku banki kapena kudzera mwa mmodzi wa ana, ndipo ngati ilipo muone ngati imakumangani ku kampani inayake.

Langizo langa ndi lakuti inu ndi achimwene mupite limodzi ku makampani onse awiri sabata yomweyi, masana, musanapangane nawo nthawi. Muone momwe akulandirirani pamene simunabwere ndi ndalama m'manja. Muone ngati akumvetsera kapena akuthamangira kukuonetsani mabokosi. Imbaninso nambala yawo usiku kamodzi mumve amene ayankhe, kaya ndi munthu wa pamalopo kaya ndi ofesi yakutali yongolemba uthenga. Funsani mabanja omwe anathandizidwa nawo chaka chino kapena chatha, osati zaka makumi awiri zapitazo, chifukwa mukufuna kudziwa za m'badwo womwe ukugwira ntchito lero. Zonse zikafanana, ukhondo, kasungidwe ka mayina ndi mitengo yolembedwa, ine ndikanatsamira ku banja lomwe mwini wake ndamuona ndi maso ndipo wandilonjeza kuti adzabwera yekha. Zikapanda kufanana, tengani amene wakuonetsani zambiri kuseri kwa ofesi, kaya ndi wamkulu kaya wamng'ono.

Mukasankha, gwirizanani kuti wolankhula ndi kampani ndi kusaina mapepala akhale mmodzi, ndipo kampaniyo muiuze dzina lake. Maliro ambiri amasokonekera chifukwa mwana wina waimba kuti asabaye, wina waimba kuti abaye, malume nawo asintha bokosi. Wosainayo adziwenso kuti mwalamulo ngongole imakhala pa iye, choncho za kagawidwe ka ndalama mukambirane pachibale zisanachitike. Ngati mayi anu ali moyo, mawu awo akhale patsogolo pa anu nonse. Ndipo ngati bambo akutha kulankhula ndipo mukuona kuti mtima wawo ungalole, afunseni mofatsa kumene akufuna kukagona, zovala zomwe akufuna, ndi amene akufuna adzatsogolere mapemphero. Odwala ambiri amakhala ataziganizira kale, akungosowa wowafunsa. Zomwe anene muzilembe, achimwene anu ali pomwepo.